Mmene mungadziwire ngati timu yanu ya koleji yatola ana abwino kuposa anzake a mu ligi imodzi

Juzi ija ndinaigula pa kaunjika mu msika wa Zomba chaka china mu June, kukuzizira koopsa mphepo ikutsika kuchokera kuphiri, yabuluu wakuda ndi zilembo AU pamtima. Ndinkangoti ndi African Union. Patapita miyezi ndi pomwe ndinadziwa kuti ndi Auburn, yunivesite ina ku Alabama, ndipo ili ndi timu ya mpira wa ku America uja wa zipewa ngati za a kabaza a njinga zamoto, mpira wake wosongoka uku ndi uku ngati papaya. Basi kuyambira pamenepo ndine wa Auburn. Mnzanga wina wometa ku Matawale iye anapeza kapusi ya Texas A&M pa belo lomwelo mwina, nde matimu awiriwa ali mu ligi imodzi, SEC, mwaonatu mmene mikangano yathu imayambira ndikakhala pa mpando akundidula tsitsi.

Ndikulemba izi chifukwa chaka chilichonse ikafika December anthu ochepa omwe timatsata masewerowa kuno timayamba kuponyerana masikirinishoti pa WhatsApp, wina akuti timu yanga ili nambala 12 dziko lonse la America pa kutola ana, wina akuti yanga 9, ndipo ambiri aife timawerenga manambala amenewo molakwika. Ine ndinalakwitsa zaka zingapo mpaka ndinagula hadikava yapadera.

Kwa amene mwangoyamba kumene, ku America matimu a koleji amasaka ana a ku sekondale, makochi amayenda mpaka kunyumba kwa makolo kukawanyengerera, ndipo ana onse amene timu yasainitsa chaka chimodzi amatchedwa kalasi, kalasi ya 2024, kalasi ya 2025, choncho. Nde pali makampani amene ntchito yawo ndi kuyang'ana anawa ndi kuwapatsa nyenyezi, 247Sports, ESPN, On3 ndi Rivals, awiri omalizawa anaphatikizana mu 2025. Mwana wa nyenyezi 5 ndi dolo weniweni, pa 247Sports amakhalapo 32 okha pachaka dziko lonse, nambala imeneyo anaifananiza ndi osewera 32 amene amatengedwa mu raundi yoyamba ya NFL Draft, pomwe matimu a ligi yaikulu ya akatswiri amasankha osewera ochokera ku makoleji. Pa sikelo yawo malikisi a 98 kupita kumwamba ndi nyenyezi 5, kuyambira 90 mpaka 97 ndi nyenyezi 4, m'ma 80 ndi nyenyezi 3 ndipo kumeneko ndi kumene kuli chinamtindi cha ana. Chinthu choyamba amwene, sankhani gwero limodzi ndipo mukakamire pomwepo. Mnzanga wometa uja ali ndi chizolowezi choti timu yake akaipeza pamwamba pa ESPN atenga ya ESPN, ya ine atenga pomwe ili pansi, zimenezo ndi zoyeza chimanga cha iwe ndi ndowa yophwanyika cha mnzako ndi ndowa yabwino. Ine ndimagwiritsa 247Sports Composite chifukwa imasakaniza maganizo a makampani onsewo nkutulutsa nambala imodzi, nde kukondera kwa munthu mmodzi kumachepako.

Mukatsegula peji ya ma ranking imayamba kukuonetsani dziko lonse, matimu oposa 130. Musachedwepo. Pamwamba pali posankha konferensi, ndiyo ligi yomwe timu yanu imasewera, dinani pamenepo. Apa ndi pomwe mtima umasweka. SEC ili ndi matimu 16 kuyambira 2024 pomwe Texas ndi Oklahoma analowa, Big Ten ili ndi 18 olo dzina likuti khumi, atalowa USC, UCLA, Oregon ndi Washington chaka chomwecho, ndipo ana ambiri a nyenyezi 4 ndi 5 amathera mu maligi awiri amenewa. Nde timu ikhoza kukhala nambala 20 dziko lonse, zomveka bwino kwabasi, koma mu SEC nkupezeka kuti anzake pafupifupi theka kapena kuposa ali pamwamba pake, pomwe nambala 20 yomweyo mu Big 12 kapena ACC ndiwe mmodzi wa mabwana. Zili ngati mwana wopeza mapointi 14 pa MSCE, pa CDSS ya kumudzi amuimbira nthungululu mpaka mbuzi ifa, koma pa sukulu yomwe anzake akutulutsa 6, 7, 8 palibe amamutchula. Timu yanu sidzasewera ndi dziko lonse, idzasewera magemu 12 basi ndipo ambiri mwa iwo ndi a mu ligi yake.

Ine ndimapitirira pamenepo, ndimachepetsanso. Mu ligi ya matimu 16 simukumana ndi onse chaka chimodzi, SEC kwa zaka zambiri inkasewera magemu 8 a mu ligi, anagwirizana zoti kuyambira 2026 akhale 9 ngati mmene Big Ten imachitira kale. Nde tengani fikisicha ya timu yanu, lembani matimu okhawo omwe mukumane nawo, makamaka aja a chaka ndi chaka. Kwa ife a Auburn tsoka lake ndi loti chaka chilichonse timakumana ndi Alabama, gemu ija amati Iron Bowl, komanso Georgia. Tsono taonani, kalasi ya 2023 Alabama inali nambala 1 Georgia 2, ya 2024 Georgia 1 Alabama 2, ya 2025 Texas inatenga 1 koma Georgia ndi Alabama anali pambuyo pake penipeni, 2 ndi 3. Auburn mu 2024 inatola kalasi yabwino ndithu cha m'ma nambala 10, ine ndinavina pa khonde ku Chinamwali, koma nditalemba mu hadikava pafupi ndi awiri aja ndinangokhala chete, chifukwa kalasi yomwe ife timati ndi yabwino kwambiri kwa iwo ikanakhala chaka cha njala. Sizoni imeneyo tinamaliza 5-7.

Tsopano pa tebulo lija pali makolamu awiri omwe anthu amasokoneza, mapointi onse ndi avareji. Ranking imayendera mapointi onse, nde timu yotola ana ambiri imakwera olo ambiri mwa iwo akhale apakatikati. Kale kunali malire oti musapose 25 pachaka koma anachotsa, pano wina atola 30 wina 16. Aliyense amene anagulako tomato pa Mpondabwino akudziwa zimenezi, mulu wina uli ndi tomato 9 ting'onoting'ono, wina 5 koma akuluakulu, ukangowerenga mitu upusitsidwa. Tiyerekeze timu yanu yatola 28 ndipo avareji yawo ndi 88, mdani wanu watola 18 koma avareji 92, pa ranking mukhoza kuyandikana kapena inu kukhala pamwamba kumene, koma m'bwalo mumalowa anthu 11 okha nthawi imodzi ndipo 11 ake iye ndi abwino kuposa anu. A 247Sports amayesetsa kukonza zimenezi popatsa ana apamwamba a kalasi mphamvu zambiri kuposa akumunsi, mwana wa nambala 25 mu kalasi sawonjezera zambiri, komabe inu dinani pa avareji kuti tebulo lisanjikenso, muone timu yanu ikutsika kapena kukwera masitepe angati. Ikatsika kwambiri dziwani kuti kochi wanu wadzadza basi ndi anthu ongoperekeza. Koma kuchuluka nakonso musakunyoze kwambiri, timu yomwe osewera ambiri amaliza sukulu imafunika manja ambiri, ndipo nyenyezizi ndi zongolosera, ukatola ambiri mwayi woti wina aphulike umakula.

Ntchito yeniyeni yomwe ndimafuna muigwire ndi iyi, ndipo imadya bandulo pang'ono nde chitani usiku. Musayang'ane chaka chimodzi. Mwana wa zaka 18 akangofika kumene nthawi zambiri amakhala pa benchi, amene akusewera lero ndi omwe anatoledwa zaka ziwiri, zitatu, zinayi zapitazo. Nde jambulani tebulo mu kope, matimu kumanzere, zaka zinayi pamwamba, mu bokosi lililonse lembani manambala awiri, ana onse omwe anasainidwa ndi angati mwa iwo anali a nyenyezi 4 kapena 5. Pamapeto phatikizani, gawani a nyenyezi 4 ndi 5 aja ndi onse, muchulukitse ndi 100. Mwachitsanzo ngati pa zaka zinayi munatola 90 ndipo 36 ndi a nyenyezi 4 kapena 5 nde muli pa 40 peresenti. Nambala imeneyi amaitcha Blue-Chip Ratio, anaitchukitsa ndi mtolankhani Bud Elliott, ndipo mfundo yake inali yoti kuti utenge chikho cha dziko lonse uyenera kudutsa 50 peresenti. Kwa zaka zoposa khumi zinkachitikadi choncho, Clemson ya 2016 ndi Michigan ya 2023 anangodutsa pang'ono mzerewo, Alabama ya kochi Nick Saban ndi Georgia ya kochi Kirby Smart yomwe inatenga 2021 ndi 2022 anali kutali kumwamba. Kwa ife omwe sitikulota chikho, phindu la nambalayi ndi kuona mpata, ngati inu muli pa 45 ndipo amene mukusewera naye Loweruka ali pa 80, musakabetche ndalama ya lendi.

Tsiku lomwe ndinapanga tebulo langa loyamba magetsi anathima cha m'ma 7, ndinamaliza ndi tochi ya foni ina nditaiika mu kapu kuti iwale bwino, mayi a kunyumba akundifunsa kuti kodi bambo mwayambanso sukulu ku Chanco osatiuza. Ndinalakwitsa Tennessee kawiri chifukwa ndinawerengera ndi omwe anabwera pa transfer, nde chenjerani, pa peji pali ma tabu osiyana, ya ana a ku sekondale, ya ma transfer, ndi yophatikiza. Pa tebulo ili tengani ya ku sekondale yokha, enawo tiwapatsa peji yawo.

Chinanso, nyenyezi zili pa malo ati? Ichi anthu ambiri sachiyang'ana chifukwa pamafunika kutsegula kalasi ya timu iliyonse payokha. Timu ikhoza kukhala ndi ana a nyenyezi 4 okwana 12 koma 5 mwa iwo ndi othamanga kukawakha mpira, pomwe zimphona za pamzere, zija zimakankhana kutsogolo zolemera makilo 130 kapena kuposa, yatola ziwiri zokha za nyenyezi 3. Mu SEC ndi Big Ten gemu imathera pamzere pamenepo, quarterback, yemwe ndi woponya mpira kwa othamanga aja, olo akhale dolo bwanji akamagwetsedwa asanaponye palibe chake, ngati Maule atagula ma striker asanu koma kumbuyo kuli chibowo. Ana othamanga aliko ambiri ku America, koma mwana wamkulu thupi amene alinso ndi liwiro ndi wosowa, ndipo matimu akuluakulu amalimbirana amenewo. Nde mu kope onjezani kolamu ya zimphona za mbali zonse ziwiri, zoteteza quarterback wanu ndi zokagwetsa wa adani, ndi ina ya quarterback, mufananize ndi adani anu atatu akuluakulu okha, onse 16 mungatope.

Za nthawi. Musamakangane ndi munthu mu June kapena July pa ranking, mukungotaya malovu. Mwana akati wakomita ku timu ndi mawu chabe, chitomero, ukwati sunachitike ndipo ankhoswe a mbali ina akadali kuzungulira kuseri kwa nyumba. Kusaina kwenikweni kumachitika mu December, nyengo yomwe inayamba mu 2017 ndipo pano imakhala kumayambiriro kwa mwezi, otsala amasaina Lachitatu loyamba la February. Pakati apo ana amatembenuka ngati bilimankhwe. Travis Hunter, mwana nambala 1 wa kalasi ya 2022, anali atalonjeza Florida State kwa nthawi yaitali koma tsiku losaina mu December 2021 anapita ku Jackson State kwa kochi Deion Sanders. Bryce Underwood anasiya LSU nkupita Michigan mu November 2024. Ndipo yomwe ndimaikonda ine, Cam Coleman wa ku Phenix City, wa nyenyezi 5, anali wa Texas A&M mpaka December 2023 pomwe anatembenukira ku Auburn, tsiku limenelo ndinapita kukameta tsitsi lisanakule nkomwe kkkk. Komanso mu chilimwe cha kwawo timu yokhala ndi makomiti 22 imaoneka pamwamba pa yomwe ili ndi 9, pomwe ya 9 ija ikudikira madolo omwe amalengeza mochedwa. Ngati simungapirire, nthawi imeneyo yang'anani avareji yokha.

Nkhani ya Coleman ikutifikitsa pa china chomwe tebulo silionetsa, ndani akupambana pa ana omwe nonse mumawafuna. Tsegulani mndandanda wa ana 10 kapena 15 apamwamba a dera (state) lomwe timu yanu ili, muone apita kuti. Georgia, Florida, Texas, Louisiana, Alabama ndi madera obereka osewera kwambiri, nde timu ya kumeneko ikamalephera kusunga a pakhomo, mdani nkumabwera kudzakolola m'munda mwake, limenelo ndi vuto lalikulu kuposa kutsika masitepe atatu pa ranking, chifukwa mwana ameneyo mwamutaya komanso mudzakumana naye atavala yunifomu ya adani. Pa peji ya mwana aliyense amalemba masukulu omwe anamupatsa ofa ndi komwe anakayendera. Mwana wa nyenyezi 3 yemwe Georgia ndi Ohio State amamufuna ndimamuwerengera kuposa wa nyenyezi 4 yemwe palibe timu yaikulu inamuyang'ana, makochi aja amaona zomwe a makampani sanaone. Quinshon Judkins anali wa nyenyezi 3 wochokera ku Pike Road mu Alabama momwemo, anapita ku Ole Miss nkukhala chilombo chaka choyamba chomwe, kenako ku Ohio State komwe anatenga chikho cha sizoni ya 2024. Ameneyo anadutsa pakhomo pathu tikuona.

Tsopano peji ya ma transfer ija. Zaka khumi zapitazo bwenzi nkhani itathera pamwambapa, koma mu 2018 anatsegula chomwe amati transfer portal, kaundula wa osewera ofuna kusamukira ku koleji ina, mu 2021 analola wosewera kusamuka kamodzi osakhala chaka pansi, ndipo kuyambira 2024 akhoza kusamuka kangapo. Nde kalasi yomwe munaivinira zaka ziwiri zapitazo mwina theka lake lili kwina. Apa mnzanga wometa amadana nane. Kalasi ya 2022 ya Texas A&M inali nambala 1, ana a nyenyezi 5 okwana 8, malikisi omwe panthawiyo palibe kalasi inafikapo, mpaka Saban analankhula poyera mu May chaka chimenecho kuti A&M yachita kugula osewera, kochi wawo Jimbo Fisher nkuyankha mokalipa pamaso pa atolankhani. Sizoni itayamba anagonja pakhomo 17-14 kwa Appalachian State, timu ya ligi yaing'ono, anamaliza 5-7, ndipo ngakhale Auburn yomwe inali itachotsa kochi pakati pa sizoni inawakwapula 13-10 mu November. Ambiri mwa ana aja anabalalika, Fisher anachotsedwa mu November 2023 ndipo sukulu inayenera kumulipira ndalama zoposa madola 75 miliyoni kuti achoke, yesani kuika mu makwacha muone ngati kalikuleta ya foni ikwanitse ma ziro ake. Nde bwererani ku tebulo lanu ndi bolopeni yofiira, tsegulani rosta ya chaka chino, mwana aliyense wa nyenyezi 4 kapena 5 amene kulibenso mukhwatche. Kenako lembani obwera, koma obwerawa musawayeze ndi nyenyezi za ku sekondale, onani ngati ankasewera komwe achokera ndipo magemu angati. Pa 247Sports palinso Team Talent Composite yomwe imatuluka sizoni ikamayamba, imawerengera omwe alipodi pa rosta, ngati mulibe nthawi ya bolopeni yofiira imeneyo ikuthandizani, kungoti siidziwa amene wavulala kapena amene wakhala zaka zitatu osalowa m'bwalo.

Za ndalama ndingonena pang'ono chifukwa manambala ambiri omwe amayenda pa intaneti ndi mphekesera. Kuyambira July 2021 osewera amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, amati NIL, ndipo mu June 2025 khoti linavomereza zoti sukulu izigawana ndalama ndi osewera mwachindunji, pafupifupi madola 20.5 miliyoni chaka choyamba pa masewero onse, gawo lalikulu likupita ku mpira umenewu. Mukaona timu yomwe inali yapakati yadumpha mwadzidzidzi pamwamba pa adani ake, funsani kaye kuti kodi kwabwera kochi watsopano kapena kwapezeka mpondamatiki wina wotsegula chikwama, chifukwa ziwirizi sizikhalitsa mofanana.

Pomwe tebulo langa linandichititsa manyazi ndi pa Indiana. Timu imeneyi pa kutola ana a ku sekondale imakhala cha kumunsi kwa Big Ten, mbiri yake inali ya kugonja basi. Kochi Curt Cignetti anabwera kuchokera ku yunivesite ya James Madison ndi osewera ake 13, anthu achikulire omwe anali atasewera kale magemu ambiri koma opanda nyenyezi zooneka, mu 2024 anapambana magemu 11 nkulowa mu playoff, ndime yolimbirana chikho cha dziko lonse, ndipo sizoni ya 2025 anatenga chikho cha dziko lonse osagonja olo kamodzi, ali kutali pansi pa mzere wa 50 peresenti uja. Chimodzimodzi Vanderbilt, yomwe pa tebulo la SEC imakhala kumchira pafupifupi chaka chilichonse, inagonjetsa Alabama 40-35 mu October 2024 ndi quarterback Diego Pavia yemwe anachokera ku New Mexico State ndipo pomaliza sekondale matimu akuluakulu sanamuyang'ane nkomwe. Michigan nayo inakapambana 13-10 kwawo kwa Ohio State mu November 2024, chaka chomwe Ohio State inali yodzadza ndi nyenyezi ndipo inatenga chikho. Chifukwa cha zimenezi mu hadikava yanga ndinaonjezera kolamu ina kumapeto kwenikweni, ya osewera omwe ali chaka chachinayi kapena chachisanu pa koleji ndipo anayambapo magemu, kaya anawayambira kuti. Imeneyo palibe webusaiti imakuwerengerani bwinobwino, mumachita kutsegula rosta ndi kuwerenga ndi chala mmodzimmodzi, mwamuna wa zaka 23 ndi mwana wa zaka 18 olo nyenyezi zisiyane thupi silofanana.

Langizo la bandulo, mapeji amenewa ndi olemera ndi mavidiyo odziyambitsa okha, nde tsegulani kamodzi, jambulani masikirinishoti a matimu omwe mukuwafuna, zimitsani data, muzilemba mu kope muli offline. Tsiku losaina la December ana ambiri amasaina m'mawa kwawo, ife tili patsogolo ndi maola 7 nthawi imeneyo poyerekeza ndi kum'mawa kwa America, nde zinthu zimayamba kutentha cha m'ma 2 koloko masana kuno ndipo tebulo limasinthasintha mpaka pakati pa usiku, musajambule msanga, dikirani m'mawa mwake. Ine chaka chatha ndinathamangira kutumiza yanga 5 koloko madzulo ndili mu minibasi yochokera ku Limbe, pofika pa Namadzi mwana wina anali atatembenuka kale ndipo wometa uja anali atandiyankha ndi sikirinishoti yake.